Funsani Mmisiri: Ampu ya mavalavu isamwe magetsi molunjika kukhoma

Mwezi uno makalata a mafiriji ndi ma TV ayambe adikira. Pabwera atatu okhudza ampu ya gitala ya mavalavu, ndipo yoyambayo yandisowetsa tulo.

FUNSO: Zikomo a Mmisiri. Ine ndimaimba gitala ya lidi m'bandi ya achinyamata kutchalitchi kwathu, komanso ndinaphunzirako zokonza mawayilesi kwa chaka chimodzi. Amalume pobwera kuchokera ku Joni anandibweretsera mavalavu awiri, EL84 ndi ECC83, pamodzi ndi kathiransifoma kolumikizira sipika. Ndikufuna kupanga ampu yangayanga. Pulani imene ndinapeza pa intaneti ndi ya ku America, ikunena za 120V komanso valavu ina ya 5Y3 imene ndilibe. Mnzanga wina akuti ndisavutike ndi thiransifoma, ndingotenga 230V ya kukhoma, ndiike madayodi anayi ndi kapasita, ndipeza 325V, basi. Wina akuti ali ndi thiransifoma ya mayikulowevu yakufa, andipatsa ulere. Nditsate ziti? Ndine woimba gitala wa ku Chilomoni.

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanayatse chowotcherera, paja safunsa anadya phula. Anzanu awiriwo akukufunirani zabwino, koma mukatsata nzeru zawo tidzakuimbirani ndife m'malo moti inu mutiimbire.

Ndiyambe ndi wa madayodi anayiyo, chifukwa masamu ake ndi oona. 230 kuchulukitsa ndi 1.414 ikupereka 325, sananame. Chimene sanakuuzeni n'chakuti pa gitala yamagetsi nsambo zonse zimalumikizana ndi chitsulo cha ampu. Pansi pa buliji, chitsulo chogwira nsambo pa thupi la gitala, pali kawaya kopita ku jeki, jeki imagwira kebulo, kebulo imagwira chasisi, chitsulo chija cha ampu. Opanga magitala anachita dala zimenezi pofuna kuchepetsa phokoso. Ndiye mukakoka magetsi kukhoma popanda thiransifoma pakati, mbali ya negativi ya madayodi aja, imene mudzaimangirire ku chasisi, imakhala ikugundana ndi waya wa moto ka 50 pa sekondi iliyonse. Zala zili pa nsambo, mlomo uli pa maikolofoni, mapazi ali pa simenti imene amayi a mvano angokolopa kumene. Magetsi apeza njira, ndipo njirayo ikudutsa pa mtima wanu. Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni imene inalibe earth yabwino. Keith Relf wa gulu la Yardbirds anafera m'nyumba mwake mu 1976 akuimba gitala yamagetsi. Zida zawo zinali zogula, zinangokhala ndi vuto pena pake. Inu mukufuna kulimanga vutolo ndi manja anu kuyambira tsiku loyamba.

Za mayikulowevu sindichedwapo. Thiransifoma imeneyo imatulutsa pafupifupi 2,000V ndi karenti yokwanira kupha munthu asanakuwe n'komwe. Mnzanuyo akaigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, akugulireni sobo.

Tsopano ntchito yeniyeni. Anyamata ambiri amayamba ndi mavalavu, amakongoletsa bokosi, amamata nsalu kutsogolo kwa sipika, kenako ndiye amafunsa kuti magetsi atenga kuti. Amayambira kumchira. Gitala sipatsa sipika mphamvu ayi. Mphamvu yonse yogwedeza sipika imachokera m'gawo la pawa, gitala imangotsegula ndi kutseka mpopi. Thanki ikakhala ndi madzi a matope, mpopi ngakhale wagolide udzatulutsa matope omwewo. Choncho gawo la pawa mulipange poyamba, muliyese palokha, mavalavu akadali m'bokosi lawo.

Mu pulani yanu muona chilembo chakuti B+. Dzinali ndi la makolo. Mawayilesi akale a mavalavu ankayendera mabatire: batire A yotenthetsa mavalavu, batire B ya ma volt ambiri. Agogo athu anaiona B imeneyi ndi maso awo. Wayilesi ija ya Ever Ready imene inkatchedwa Saucepan Special chifukwa chooneka ngati poto, imene inabwera mu 1949 kuti anthu a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland azimvera siteshoni ya ku Lusaka, inali ya mavalavu, ndipo chibatire chake chinkatulutsa 90V mbali ina, 1.5V mbali ina. Ampu yanu ikufuna ziwiri zomwezo, kungoti njala yake ndi yaikulu.

Tiwerenge njalayo. Mkati mwa valavu iliyonse muli kawaya kotenthetsa, timati hita. EL84 imafuna 6.3V ndi 0.76A pa hita. ECC83, imene Aamerika amati 12AX7, imafuna 0.3A pa 6.3V yomweyo. Pamodzi 1.06A. Musafune waya wongokwana ndendende, funani 6.3V ya 2A kuti thiransifoma isamatuluke thukuta. Ku mbali ya B+, EL84 imodzi imagwira bwino ntchito pa 250V, ndipo imakoka 48mA pa puleti ndi 5.5mA pa sikirini (zitsulo ziwiri za mkati mwa valavu zolandira B+), n'kutulutsa mphamvu yoposa pang'ono 5W. ECC83 ndi kamwana kosadya kwambiri, mbali zake ziwiri zimangotenga 2mA kapena kucheperapo. Zonse tinene 55mA. Koma samalani apa, chifukwa ambiri amagwera pomwepa: makapasita sayamwa karenti mwaulemu, amameza mwa nkhwinthinkhwinthi pa nsonga ya funde lililonse, ndiye waya wa m'thiransifoma umatentha kuposa mmene 55mA ingautenthetsere. Chulukitsani ndi 1.8. Mukufuna koyilo ya 220V yopirira 100mA. Thiransifoma yonse ikhale ya 40VA mpaka 50VA.

Muitenga kuti? Yogula kunja ilipo, koma yang'anani bwino zolembedwa pa chitsulo chake. Ya 120V ya pulani ya ku America mukailowetsa pa 230V yathu imafuka utsi musanatsirize kunena kuti ameni. Ndipo ngakhale itakhala ndi waya wa 230V, onani kuti palembedwa 50Hz. Magetsi a ku America ndi a 60Hz, athu ndi a 50Hz, ndipo thiransifoma yopangidwa mowumira chitsulo kuti iyendere 60Hz kuno imatentha ndi kulira.

Njira imene ine ndimakonda ndi kupita kwa amisiri okulunga mamota a zigayo ndi mapampu. Ku Ndirande aliko, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu aliko. Ambiri a iwo manja ndi aluso, kungoti sanakulungepo thiransifoma ya mavalavu, ndiye mupite ndi manambala anu papepala. Yezani mwendo wapakati wa chitsulo cha thiransifoma, mulifupi kuchulukitsa ndi kuchindikala, mu masentimita. Gawani 45 ndi yankho limenelo, mupeza kuti volt iliyonse ikufuna kuzunguliza waya kangati. Chitsulo cha 3cm kwa 3cm chikupereka 9, ndiye kuzunguliza kasanu pa volt. Mbali ya kukhoma 230V ndi ka 1,150, ndi waya wa 0.3mm. Mbali ya 220V ndi ka 1,100, muonjezereko pang'ono kufika 1,150 chifukwa ma volt ena amatayikira m'waya momwemo, ndi waya wa 0.25mm. Ya hita ndi ka 33, ndi waya wa 1mm. Muwauze kuti aike pepala lotchinga pakati pa mizere ya koyilo ya 220V, ndipo pakati pa koyilo ya kukhoma ndi zinazo aike mapepala atatu kapena kuposa. Moyo wanu wagona pa mapepala amenewo, musanyinyirike akakuonjezerani mtengo. Muwapemphenso kuti mbali ya kukhoma atulutse timawaya titatu, 220V, 230V ndi 240V, chifukwa magetsi a m'madera mwathu amasiyana, ndipo madzulo nyumba zonse zikayatsa mbaula amatsika.

Ngati thumba lakana, pali njira ya amphawi imene imagwira ndithu. Pezani mathiransifoma awiri wamba, ngati a m'machaja a batire kapena m'mawayilesi akuluakulu akale. Yoyamba itsitse 230V kufika 12V, yachiwiri muitembenuze, 12V ija ilowe ku mbali yake ya 12V, ndipo ku mbali inayo kutuluka ma volt oposa pang'ono 200 amene sakukhudzana ndi khoma. Yoyambayo ikhale yaikulu, 50VA kapena kuposa, chifukwa ikusenza katundu wa onse. Ikakhala ya 6-0-6, ya 12V yokhala ndi waya wapakati, ndiye mwayi, theka lake lidyetse mahita. B+ idzatsikako, mwina ampu ipereke 4W m'malo mwa 5W. Khutu silimva kusiyana kumeneko.

Valavu ya 5Y3 iiwaleni. Ndikudziwa kuti pulani yanu mwina ndi mdzukulu wa ampu ya Fender Champ ya m'zaka za m'ma 1950, imene inali ndi 12AX7, 6V6 ndi 5Y3, ndipo pa intaneti mupeza anthu akulumbira kuti kukoma kwa mawu kuli mu 5Y3. Chimene amanena n'chakuti valavu yowongola magetsi imafooka pang'ono woimba akamenya nsambo mwamphamvu, B+ imatsika, mawu amafewa n'kubwereranso. N'zoona pa ma ampu a mavalavu awiri kapena anayi okankhana, amene amakoka karenti yambiri phokoso likakwera. Koma ampu ya EL84 imodzi imakoka karenti pafupifupi yofanana kaya mukuimba kaya muli chete, ndiye kufookako kulibe pogwira. Mungotayapo ndalama: 5Y3 imafuna koyilo yakeyake ya 5V 2A, imadya ma volt okwana 50 kapena kuposa ikalemedwa, ndipo sifuna kapasita yoyamba yaikulu. Gulani madayodi anayi a 1N4007, aja mumawaona m'chaja chilichonse. Iliyonse imapirira 1,000V ndi 1A. Mukapeza UF4007 ndiye bwino koposa, imatseka msanga ndipo siichita phokoso. Muwalumikize mwa buliji monga ananenera mnzanu uja, koma kuseri kwa thiransifoma.

Pano ndichedwepo, chifukwa kusefa ndiye pamene pamasiyana ampu yoimba ndi ampu yong'ung'udza. Magetsi akatuluka m'madayodi sakhala osalala, amakhala ngati mizere ya m'munda, nthumbira 100 pa sekondi. Kapasita yoyamba imadzaza pa nthumbira n'kumatsanula m'khwawa. Ikani ya 47µF. Kuti mudziwe mafunde otsala, gawani karenti ndi 100 kuchulukitsa ndi kapasita: 0.055 kugawa ndi 0.0047, pafupifupi 12V. Pa ampu ya mavalavu awiri okankhana mafunde amenewa amafafanizana okha m'thiransifoma ya sipika. Pa yanu ya valavu imodzi palibe wowafafaniza, amapita onse ku sipika. Choncho musatenge magetsi a puleti pa kapasita yoyamba, ngakhale pulani yanu itero. Ikani rezisita ya 470Ω ya 5W, kenako kapasita yachiwiri ya 47µF. Pa 100Hz kapasita imeneyi imaoneka ngati 34Ω yokha, ndiye mafunde aja amachepa pafupifupi ka 14, kutsala osakwana 1V. Mtengo wake ndi ma volt 26 otayika pa rezisita. Ngati pa kapasita yoyamba pali cha m'ma 285V, pa yachiwiri patsala cha m'ma 260V, ndipo ndi pamene tikufuna. Apo ndiye mutengepo waya wopita ku thiransifoma ya sipika.

Kuchoka apo, rezisita ya 2.2k ndi kapasita ya 22µF kudyetsa sikirini ya EL84. Kenako 10k ndi 22µF ina kudyetsa ECC83. Kamwanaka ndi kamene kamafuna madzi oyera kuposa onse, chifukwa kachinyalala kalikonse kakalowa pamenepo kamakulitsidwa kambirimbiri kasanafike ku sipika. Ena amaika choki, koyilo yokulungidwa pa chitsulo, m'malo mwa rezisita ya 470Ω. Imasefa bwino koposa ndipo sitaya ma volt ambiri, koma ndi chitsulo china chofuna kusaka ndi kunyamula. Pa ampu ya 5W ine sindivutika nayo.

Makapasita onse akhale a 450V. Mudzati bwanji, poti B+ ndi 260V? Chifukwa madayodi sadikira. Mukangoyatsa, B+ yafika kale pamene mavalavu akadali ozizira, sakukoka kalikonse kwa masekondi khumi kapena kuposa. Nthawi imeneyo makapasita onse amakwera kufika pa nsonga, 220 kuchulukitsa 1.414, 311V, ndipo magetsi a kukhoma akakhala okwera tsiku limenelo n'kufika cha m'ma 340V. Ya 350V ili pa mlomo wa phompho. Ya 400V yochotsa mu TV yakale ya chimbuyo ingagwire, bola isakhale yotupa kumutu kapena yodontha kunsi. Ziwiri za 200V za m'pawa ya kompyuta mungazilumikize motsatana, koma iliyonse muipatse rezisita ya 220k kuti zigawane ma volt mofanana. Ndipo onani kawiri mbali ya negativi musanawotcherere. Kapasita yotembenuza imaphulika ngati chiphaliwali, n'kudzaza nyumba ndi timapepala ndi fungo limene mayi a kunyumba sadzakukhululukirani sabata yonse.

Pa kapasita yoyamba muikepo rezisita ya 220k ya 2W kuchoka ku positivi kupita ku negativi, ikhale pomwepo mpaka kale. Ntchito yake ndi kukhetsa magetsi ampu ikazimitsidwa. Ine ndili wophunzira ntchito pa shopu ina ku Limbe, anabweretsa ampu ya mavalavu ya bandi ina ya m'mabala. Ndinaiyatsa mavalavu nditazula, ndinaizimitsa, ndinazula pulagi, ndinapita kukadya chipisi. Pobwera ndinapisa dzanja mkati ngati m'thumba langa. Chimene ndikukumbukira n'chakuti sikuludiraiva inapezeka panja pa khonde, chigongono chinang'ambika pa ngodya ya chitsulo, ndipo bwana wanga, m'malo mondipepesa, anandifunsa ngati mita inali itapita kumaliro. Chipsera ndili nacho mpaka lero. Ngakhale ndi rezisita ija, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako yezani ndi mita. Musagwire mpaka ionetse pansi pa 10V. Rezisita nayo imafa osatsanzika. Ndipo musakhetse kapasita poigunditsa ndi sikuludiraiva monga amachitira anyamata a pamsika, gwiritsani waya wokhala ndi rezisita ya 10k ya 5W.

Mawaya a hita muwapote ngati chingwe cha khonje, muwagoneke m'mbali mwa chasisi kutali ndi mawaya a gitala. Pa EL84 hita ili pa mwendo 4 ndi 5. Pa ECC83 ya 6.3V, lumikizani 4 ndi 5 pamodzi, waya winawo upite pa 9. Ngati koyilo ya hita ilibe waya wapakati, tengani marezisita awiri a 100Ω, imodzi pa waya uliwonse, mbali zinazo zikumane n'kupita ku ground. Mukaiwala zimenezi mudzandilembera kalata ngati yachiwiri ili m'munsimu.

Chingwe cha kukhoma chikhale cha mawaya atatu. Wobiriwira ndi chikasu umangidwe pa chasisi ndi bawuti yakeyake, yosagawana ndi china chilichonse, ndipo ukhale wautali kuposa enawo kuti chingwe chikakokedwa ukhale womaliza kuduka. Wa bulawuni udutse pa fyuzi kaye, kenako pa switchi. Fyuzi ikhale ya T500mA, chilembo T chikutanthauza yosapsa msanga poyatsa, ndipo m'pulagi muike ya 3A, osati ya 13A ya ketulo. Zojambulira za fodya ndi timawaya ta kopa m'malo mwa fyuzi, zimenezo musiye ku minibasi. Komanso kayezeni soketi ya kutchalitchiko. Nyumba zambiri ndazitsegula n'kupeza dzenje lachitatu la soketi lilibe waya kuseri.

Poyesa koyamba, lumikizani babu la 40W kapena 60W motsatana ndi waya wa moto. Likhale babu lakale la kawaya kofiira mkati, la LED kapena enejeseva siligwira ntchito imeneyi. Akusowa masiku ano, mukalipeza lisungeni ngati mankhwala, ndipo a mu uvuni wa kuka akadali a mtundu womwewo. Babu likawala kamodzi n'kuzilala, zili bwino. Likapitiriza kuwala, pali pamene pagundana, zimitsani. M'malo mwa mavalavu ikani marezisita awiri a 10k a 10W mogundizana mbali ndi mbali, akhala 5k, akoka karenti yofanana ndi ampu yonse. Atentha kwambiri, asakhudze pulasitiki. Mita muilumikize ndi timapanira ampu ili yozima, kenako yatsani, dzanja limodzi m'thumba, nsapato kuphazi, ndipo m'nyumbamo mukhale munthu wina wodziwa pamene pali switchi. Chotsani babu, siyani kwa ola limodzi. Thiransifoma ikhale yofunda moti dzanja n'kukhalapo.

Mukadzaika mavalavu, sipika ikhale yolumikiza kale, chifukwa ampu ya mavalavu yoimba popanda sipika imapha thiransifoma yake ya sipika, mphatso ya amalume ija. Pa kathodi ya EL84, chitsulo chimene hita imatenthetsa, ikani 150Ω kupita ku ground. Yezani ma volt pamenepo: mukapeza 7.5V, kugawa ndi 150, ndi 50mA, muli pabwino. EL84 sifuna kupitirira 12W pa puleti. Mukaona chitsulo cha mkati mwake chikufiira ngati khala, zimitsani msanga, kwezani rezisitayo kufika 180Ω.

FUNSO: Bambo Mmisiri, ampu yanga ya valavu imodzi ndinamaliza ndipo ikuimba, koma ikulira kuti mmmm osalekeza, ngakhale voliyumu ili pa ziro. Ndaonjezera makapasita awiri, palibe chasintha. Ana asukulu ayamba kuitcha njuchi. Ndine mphunzitsi wa ku Kasungu.

YANKHO: Aphunzitsi, musanagule kapasita yachitatu, tengani gitala yanu yochuna bwino. Dinani nsambo yaikulu ija ya pamwamba pa fureti yachitatu. Imeneyo ndi G, imanjenjemera ka 98 pa sekondi. Mverani njuchi yanu. Ngati ikuimba limodzi ndi G ameneyo, ndi 100Hz, ndipo vuto lili m'kusefa kwa B+ kapena m'mene mwayalira mawaya a ground. Ngati ikuimba G yemweyo koma wa pansi, wa besi, ndi 50Hz, ndipo makapasita alibe mlandu, mukhoza kuonjezera khumi osasintha kanthu. Mwayi umenewu ndi wathu wa 50Hz, anzathu a ku America njuchi yawo imaimba pakati pa B flat ndi B.

Poti makapasita sanathandize, ndikuganiza kuti yanu ndi ya besi. Chitani izi. Zulani mavalavu onse, yatsani, ikani khutu pa sipika. Ikalira nthawi yomweyo, ndiye kuti thiransifoma ya pawa ikulankhula ndi ya sipika kudzera mu maginito, popanda waya. Zitalikitseni, ndipo imodzi muitembenuze kuti zitsulo zawo zipingasane. Ikakhala chete, bwezerani EL84 yokha. Ikakhalabe chete, n'kuyamba kulira mukabwezera ECC83, yang'anani mahita: kodi mawaya ndi opota, kodi marezisita awiri a 100Ω alipo? Ngati alipo, chotsani pamene akumana pa ground, mukalumikize pa kathodi ya EL84. Ma volt ochepa a pamenepo amakweza hita yonse pamwamba pa kathodi ya ECC83, ndipo kawirikawiri njuchi imathawa. Ndi waya umodzi, ulere.

Ikapezeka kuti ndi ya 100Hz, onani waya wochoka ku negativi ya madayodi. Uyenera kupita molunjika pa mwendo wa kapasita yoyamba, osadzera pa chasisi, chifukwa m'waya umenewo mumadutsa kumeza kuja kwa nkhwinthinkhwinthi. Ambiri amamangirira ground iliyonse pa bawuti imene ili pafupi, ndiye zinyalala za madayodi zimayenda m'chitsulo chomwecho chimene mukuyenda mawu a gitala. Yalani waya umodzi wokhuthala kuchoka pa kapasita yoyamba, kudutsa yachiwiri, yachitatu, yachinayi, ndipo ukhudze chasisi malo amodzi okha, pafupi ndi jeki ya gitala. Waya wa earth wa kukhoma ukhale pa bawuti yake, musauchotse. Alipo amene adzakuuzeni kuti kudula earth kumathetsa kulira. Nthawi zina kumathetsadi, koma werenganinso yankho loyamba lija.

FUNSO: A Mmisiri, ife timaimba m'maukwati kumudzi, pa jenereta, nthawi zina pa invetala ya sola. Ampu ya mavalavu ingapirire? Ndipo kodi switchi ya standby ndi yofunika? Ndine wa bandi ya ku Mitundu.

YANKHO: Ingapirire, madala, koma jenereta yaing'ono imasinthasintha ma volt katundu akamalowa ndi kutuluka, ndipo ampu ya mavalavu ilibe chowongolera, chimene chalowa ndi chimene chimafika pa mahita ndi pa B+. Yatsani jenereta, ikhazikike, yezani ndi mita, ndiye lumikizani ampu. Mafuta akayamba kutha injini n'kumatsokomola, zulani ampu poyamba. Ndipo wowotcherera zitsulo kapena firiji ya zakumwa zisagawane nanu chingwe chimodzi. Mahita akhale pakati pa 6.0V ndi 6.6V, akapitirira kwa nthawi yaitali mavalavu amakalamba msanga. Invetala ikhale ya pure sine wave. Zotchipa zija za modified sine zimatulutsa magetsi a makona, thiransifoma imalira ndi kutentha, ndipo phokoso lake limalowa m'sipika ngati msumeno. Pa jenereta kumudzi nthawi zambiri palibe earth n'komwe, khomani chitsulo pansi ponyowa muchilumikize ku thupi la jenereta, ndipo gulani ka RCD ka 30mA koyenda nako, kachipangizo kodula magetsi akayamba kuthawira pansi.

Standby, switchi yodula B+ mahita akadali oyaka, pa ampu yaing'ono ndi chokongoletsera. Mawayilesi a mavalavu anagwira ntchito zaka zambirimbiri opanda switchi imeneyo. Makapasita akakhala a 450V, isiyeni. Pa nthawi ya malankhulidwe a ankhoswe ingotsitsani voliyumu, ndipo akakhala ankhoswe aja olankhula mpaka nsima kuzizira, zimitsani ampu yonse, idzatentha mu theka la mphindi akamaliza.

A ku Chilomoni, mukamaliza gawo la pawa mundilembere ma volt amene mwapeza pa makapasita onse anayi, poyamba opanda katundu, kenako ndi marezisita a 10k aja. Mavalavu musawatulutse m'bokosi ndisanaone manambalawo.